Gawo la Nsadzu

Ana anga, za ubwana wanga palibe chokuuzani choposa zimene mukuona kwa adzukulu angawa: kuweta mbuzi ndi kukwapulidwa ku sukulu, basi. Chimene ndikufuna chitsale papepala ndi ntchito yanga, makamaka nkhani imodzi imene mwakhala mukundiseka nayo musakuidziwa. Mumati bambo wanu anaphunzitsa anthu kupachika ming'oma moyo wake wonse, koma uchi ukafika patebulo amatuluka panja ngati wina wamuitana. Iwe Lusiya umati ndi matenda a shuga. Si shuga ayi. Ndi a Jasinto Mbewe a ku Chidzolomondo, munthu amene ndinamuimira pa mlandu woti akanaphedwa nawo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinamuthandiza.

1981, ku Ntengo-Wambalame

Ntchito ndinayambira ku Ntengo-Wambalame, dziko la kachewere, nyemba ndi mapichesi, kozizira koti m'mawa zala zimakana kugwira cholembera. Ndinapita monga tekiniko, mlangizi wa ulimi, mumtima ndikuti ndizikayenda m'minda ndi m'madimba. Tsiku loyamba lomwe shefi wanga, mkulu wa ofesi, a Kumbane, munthu wa kummwera amene sankadziwa ngakhale moni wa Chichewa, sanandipatse mbewu kapena khasu. Anatsegula kabati n'kundipatsa kalimbo, chidindo chija cha boma. "Munda wako ndi uwu, kamarada Evaristo Phiri," anatero m'Chipwitikizi. Ndinaseka poyesa kuti ndi nthabwala, koma iwo sanaseke.

Malamulo a masiku amenewo mukawamva lero mungati ndikukokomeza. Munthu alime yekha, apalire yekha, akolole yekha, koma kuti atulutse thumba la nyemba m'dera lake ankafunika giya, pepala lonena komwe akuchokera, komwe akupita ndi zimene wasenza. Mtengo unkaikidwa ndi boma. Zotsala pa chakudya zinkayenera kupita ku sitolo ya boma, kumene kunalibe mchere, sopo kapena nsalu yoti ugule ndi ndalama zakozo. Ukagulitsa kumbali, kapena kuolotsa kachewere ku Malawi kukasinthanitsa ndi mchere, imeneyo inali kandonga, ndipo m'zaka zotsatira anawonjezera chikoti cha pagulu. Mbande nazo zinali ndi lamulo lake: tekiniko aone kaye pofesera, atsimikize kuti palibe matenda, ndiye udinditse. Lamulo limeneli lokha ndinkagwirizana nalo, chifukwa matenda a mitengo amayendadi ndi mbande. Koma mmene tinkaligwiritsira ntchito zinkandiimika mutu. Tsiku lina anagwira amayi ena ali ndi beseni la mbande za mapichesi, zobiriwira bwino, zopanda banga, koma zopanda pepala. A Kumbane analamula kuti zilandidwe, ndipo zinaikidwa pakhonde la ofesi, padzuwa. Ndinapempha kuti ndizizithirira mpaka mlandu uthe. "Umenewo ndi umboni," anatero. "Umboni sathirira." Zinauma ndikuona, eni ake akubwera m'mawa uliwonse kudzaziyang'ana ali manja m'khosi.

Kusowa kwa zinthu sikunasiye ndi kalimbo yemwe. Inki itatha tinayamba kufinya mabulosi pakansanza. Giya za nyengo imeneyo zinkatsatidwa ndi nyerere, koma pa zipata za asilikali zinkadutsa bwinobwino.

1984, ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo

Anandisamutsira ku Macanga nkhondo itafika kale. Ku Furancungo, likulu la Macanga, ndinangokhalako pang'ono, ndipo n'kumene ndinakwatira mayi wanu. Kenako ananditumiza ku Chidzolomondo, kumene anthu anali atachotsedwa m'midzi yawo yobalalika n'kuunjikidwa malo amodzi pafupi ndi asilikali. Masana dziko linali la boma, koma kupitirira mtsinje, kuseri kwa phiri, kunali kwa anthu a kutchire. Sitinkawatchula dzina lina, ndipo nanenso sindiwatchula.

Kumeneko ndinapeza lamulo limene linandisiya kukamwa yasa. Akuluakulu anaganiza motere: uchi umachokera kutchire, kutchire kuli adani, choncho munthu wosenza uchi wachokera kwa adani. Kuti munthu agulitse uchi, tekiniko ankayenera kukaona ming'oma yake ndi maso, kutsimikiza kuti ili mkati mwa malire amene amilisiya, anyamata a mudzi onyamula mfuti aja, ankayendera, ndiye adinde. Kufula kunali kwa masana okha, utawauza kaye amilisiyawo. Aliyense wodziwa njuchi akudziwa kuti dzuwa likakhala pamutu sizifuna chibwana. Ofula uchi ankabwera ku ofesi maso atatsekeka ndi kutupa, moti ndinkawazindikira ndi mawu.

Mmodzi mwa iwo anali a Jasinto Mbewe, bambo wamtali, wouma thupi, wofedwa mkazi, wokhala ndi mwana mmodzi wamkazi dzina lake Selina, amene anali wamkulu kale. Ming'oma yawo ya makungwa inali m'mphepete mwa mtsinje, m'tsinde mwa phiri, mkati mwa malire koma pamapeto penipeni. Tsiku limene ndinapita kukaiona, iwo anafula umodzi. Atatsika mumtengo ananyema kachidutswa ka malesa, kokhala ndi ana a njuchi, n'kukaika pamwala.

"Mwaiwala apo, a Mbewe," ndinatero.

"Sindinaiwale, a tekiniko. Ndi gawo la nsadzu." Analoza kambalame kotuwa kamene kankalira pa nthambi. "Kameneko n'kamene kamalondolera munthu ku njuchi. Ukakamana, tsiku lina kadzakulondolera ku njoka. Kwanu ku Tsangano simuchita?"

"Timachita, koma ndimayesa zinatha ndi agogo."

"Agogo anatha, mbalame sinathe," anatero, akupukuta mpeni pa buluku.

Ndinawadindira giya yawo ndi mtima woyera. Mvula itayamba, anthu a kutchire anafika kudimba m'mawa n'kutenga amayi amene anawapeza kuti akawasenzere katundu. Selina anali m'gulumo. A Mbewe sanalire pagulu. Anangoonda, ndipo anayamba kupita ku ming'oma kawirikawiri kuposa kale. Ine ndinkati munthu akuthawa nyumba yachete.

1985

Nkhani inandipeza ndikuyang'ana pofesera fodya pa bambo wina. Mayi wanu anabwera akuthamanga, iwe Lusiya uli m'mimba. "A Phiri, a Mbewe awamanga! Akuti amadyetsa adani!" Asilikali oyendera anali atapeza uchi wosiyidwa pansi pa mitengo ya a Mbewe, ndipo m'thumba mwawo munali giya yokhala ndi kalimbo wanga. Mlandu wodyetsa adani unalibe ndende masiku amenewo. Munthu ankangoperekezedwa kuseri kwa sukulu, n'kumva mfuti.

Shefi wa posto, mkulu wa boma m'dera lathulo, a Mateyu, munthu wakwathu ndithu, anandiitanira mkati n'kutseka chitseko. "Iwe Evaristo, tenente, mkulu wa asilikali uja, akufunsa mawa. Ukanene kuti ming'oma imene unaona ndi ina, ya pafupi. Iyi ya kuphiriyi sukuidziwa. Poronto, basi, watuluka."

"Koma ndinaiona, shefi. Ndipo uchiwo ndi wa nsadzu. Inunso mukudziwa."

"Ndikudziwa ine, tenente sakudziwa. Munthu wa kunyanja uja nsadzu anaiona kuti? Ukayenda siya phazi, mwana iwe, ukasiya mlomo ukutsata. Mkazi wako ndi wodwala. Ukufuna mwana adzabadwe akufunsa manda ako?"

Kunyumba mayi wanu sanandiuze choti ndichite. Anangofunsa funso limodzi: "Ming'omayo munaiona?" Ndinati ndinaiona. "Nanga mukakana, mudzadutsa bwanji pakhomo pawo?" Kenako anapitiriza kusankha nyemba zawo. Ndikuuzeni zoona, mantha ndinali nawo. Chimene chinandilimbitsa n'chakuti ndinkadziwa kuti ndikukanena zoona, ndipo ndinkakhulupirira kuti munthu wonena zoona ali ndi poima.

Mlandu unachitikira m'kalasi, poti sukulu inali itasanduka nyumba ya asilikali. A Mbewe anakhala pansi, manja omangidwa kumbuyo, mlomo wotupa. Kukhoma kunaima amilisiya, ndipo patsogolo pawo panali a Domingo Banda, mkulu wawo, munthu waukali amene anakwapulapo msuweni wake weniweni chifukwa cha thumba la chimanga. Chingwe cha a Mbewe anamanga ndi iwo. Tenente anali mnyamata wa msinkhu wanga, wotopa, wofiira maso, amene anali ataika anzake m'manda mwezi womwewo.

Ndinaima n'kufotokoza m'Chipwitikizi changa chabwino. Ndinati ming'oma ndinaiona, ili mkati mwa malire, ndipo ndinadinda ndine. Ndinafotokoza za kambalame, za njoka, ndi zakuti wofula uchi aliyense kuno amasiya gawo. Ndinafika ponena kuti ngati ndikunama, chimene chiwagwere a Mbewe chindigwere inenso. Tenente anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anawerama, natulutsa chinthu pansi pa tebulo n'kuchiika patsogolo panga.

Ana anga, ndinachiyang'anitsitsa. Sichinali kachidutswa ka pamwala kaja. Linali phukusi lalikulu, lokulungidwa m'masamba a nthochi owauka pamoto, lomangidwa ndi luzi mopingasa, monga mmene mayi amamangira kamba wa munthu wa paulendo. Palibe mwana wa ku Macanga amene akanaliona n'kunena kuti ndi la mbalame. Ndinayang'ana a Mbewe, iwo anayang'ana pansi.

"Kamarada tekiniko," anatero tenente mofatsa, "mbalame yanuyo imamasula mfundo?"

Ndinali nditadzimangirira ndekha ku chingwe cha munthu amene anandibisira. Mkwiyo unandigwira, ndipo kwa kanthawi ndinafuna kukuwa kuti andipusitsa. Koma pomwepo ndinakumbukira amayi a kudimba aja, ndipo ndinadziwa mwini phukusilo. Ndinamva pakamwa panga pakulankhula pokha. "Timamanga chifukwa cha linthumbu, kamarada tenente. Ukasiya poyera, nyerere zimamaliza mbalame isanatsike. Iyo imaboola tsamba ndi mlomo."

Tenente anatembenukira kukhoma. "Domingo, ndiwe wa konkuno. N'zoona?"

Ndinatseka maso. Ndinkawadziwa a Domingo, ndipo ndinayamba kuganiza za amene adzauze mayi wanu.

"N'zoona, kamarada tenente," anatero a Domingo. "Nafenso kwathu timamanga."

"Timamanga," anatero wina kumbuyo kwawo.

"Bambo anga ankachita kumanga kawiri," anawonjezera wachitatu.

Ndinatsegula maso ndili wosakhulupirira. Anyamata onse aja, amene ankalanda anthu nyemba pa chipata osaphethira, anaima chilili n'kunama bodza limodzi ngati anapangana. Pambuyo pake ndinamva kuti mlongo wake wa a Domingo anatengedwa pa dimba lomwelo.

Tenente anatiyang'ana mmodzimmodzi. Sindikhulupirira kuti anapusitsika, koma sakanatha kuwombera mudzi wonse. Analamula kuti a Mbewe amasulidwe. Kenako anapitiriza: ming'oma yonse ya kumtsinje itsitsidwe ndi kutenthedwa tsiku lomwelo, uchi usagulitsidwenso m'posto yonse, ndipo munthu asapondenso m'tsinde mwa phiri. "Ulembe ndiwe, tekiniko, udinde ndi kalimbo wakoyo. Tikapezanso phukusi, mbalame idzadya inu awiri." Ndinalemba, ndinadinda, ndipo ndinkathokoza Mulungu podinda. Madzulo utsi unkaoneka kumtsinje, fungo la phula likufika mpaka ku ofesi.

Ndinawaperekeza a Mbewe kwawo poti sankatha kuyenda okha. Titapitirira nyumba za anthu ndinalephera kudzigwira. "A Mbewe, mukanandiphetsa! Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani, mukanaima chonchija?" Anapuma, atatsamira phewa langa. "Mwana wanga ali moyo, a tekiniko. Amawatuma nkhuni mbali ya kumtsinje, ndipo mitengo yanga amaidziwa kuyambira ali wamng'ono. Ndikasiya phukusi, pobwerera ndimapeza luzi litamangidwa pa nthambi. Mfundo yake ndi yopotokera kwina. Selina ndi wamanzere."

Tinafika pakhomo, ndinawakhazika pakhonde n'kuwatungira madzi.

"Mwandipulumutsa, a tekiniko, zikomo," anatero. "Koma nsadzu yanga ikafika n'kupeza phulusa, iganiza chiyani?"

Ndinawauza kuti nkhondo sichedwa kutha, ndipo adzafotokozerana okha.

1986 mpaka 1992

Chaka chotsatira asilikali anachoka ndipo tonse tinathawira ku Malawi, iwe Lusiya uli kumsana. Za kumsasa ndidzalemba pazokha. Pano ndingonena kuti a Mbewe tinali nawo mzere umodzi wa zisakasa. Ankakhala pa njira yolowera othawa atsopano, n'kumafunsa aliyense wochokera ku Macanga ngati anaona mayi wamanzere. Anamwalira mvula yachiwiri ya kumeneko, ndi chifuwa. Ndinanyamula nawo chithatha, ndipo mumtima ndinkadzitonthoza kuti munthuyu wafera pamphasa, osati kuseri kwa sukulu.

1993, ku Furancungo

Titabwerera ndinapeza ofesi yopanda denga ndi malamulo atsopano. Giya inatha, mtengo unali wa mwini katundu, ndipo zimene tinkakwapulira anthu dzana zinali zitasanduka malonda olemekezeka. Zimenezi zokha zinandidabwitsa kwa nthawi yaitali. Wogulitsa uchi ankangofunika lisensa, chiphaso cha pamsika chija, komanso pepala la ku chipatala, ndi mabotolo otsuka bwino okhala ndi zitsekerero, ndipo ine ndinkangoona uchiwo ngati sanauthire madzi.

Tsiku lina kunabwera mayi woonda, wa imvi zosayenera msinkhu wake, atanyamula dengu la mabotolo. Ndinaona uchi, unali wabwino, wakuda, wa maluwa a kuphiri. Ndinamupatsa pepala kuti adinde chala, ndipo anatambasula dzanja lamanzere. Ndinayang'ana dzina limene ndinali nditalemba ndekha osaliganizira.

"Selina wa a Jasinto?"

"Ndine, a tekiniko. Ndapachika ming'oma m'mitengo yawo yomwe ija." Anakhala pabenchi, dengu pamiyendo. "Kumudzi andiuza kuti bambo anafera ku Malawi. Andiuzanso kuti pa mlandu munawaimira ndinu. Ndabwera kudzathokoza."

Ndinayamba kunena kuti sindinali ndekha, koma iye anapitiriza, mawu ake ali phee ngati akunena za munthu wina.

"Ine ndinkayesa anafera pamtengo paja. Tsiku limene ndinafika n'kupeza ming'oma yapsa, ndinati awagwira chifukwa cha ine, awapha. Ndinawalira komweko, chamumtima, poti kulira mokweza kunali koletsedwa. Mwezi womwewo amayi awiri a mbali ya kuno anapeza mpata wothawa. Anandiitana, anachita kundikoka dzanja. Ndinawauza kuti pitani, ine ndithawire kwa yani? Mayi kulibe, bambo ndawaphetsa. Iwo anadutsa bwinobwino. Ife otsala anatisamutsira kutali, ndipo ndatuluka chaka chathachi."

Cholembera chinandigwa m'manja. Nthawi imene iye ankakana kuthawa, bambo ake anali pakhonde pawo, kuseri kwa phiri lomwelo, ulendo woti munthu wonyamuka m'mawa akanafika dzuwa lisanapendeke. Ndipo lamulo lotentha ming'oma linali ndi kalimbo wanga pansi pake. Ndinamuuza chokhacho chimene ndinali nacho, kuti bambo ake ankakhala pa njira kufunsa za mayi wamanzere mpaka miyendo inawakana.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Misozi sinatuluke. Ndinadinda pepala lake, ndipo chidindocho chinatuluka chopendekeka. Iye analipinda n'kuliika m'chitenje. Kenako anapisa pansi pa mabotolo, natulutsa phukusi la masamba a nthochi n'kuliika patebulo langa.

"Bambo ankati wokulondolera sumumana," anatero, nanyamula dengu lake.

Ndinakhala ndikuyang'ana mfundo yopotokera kwina ija mpaka nthawi yoweruka. Ndinalephera kuimasula, ndinalepheranso kuisiya mu ofesi. Kunyumba mayi wanu anaiyang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anatenga mpeni n'kudula luzi, nakugawirani inu pakhonde. Iwe Lusiya unanyambita mpaka tsamba, n'kundifunsa ngati amayi aja adzabweretsenso.